ZA PAKHOMO PATHU: Mphindi Zisanu Patsogolo pa Kalasi

Mwezi uno tabwera ndi nkhani imene poyamba tinaiyesa yaing'ono, yosayenera kudya masamba a magazini yathu. Tsiku lina Lacisanu madzulo, tikukonza khola la mbuzi, anafika mphwathu wamkazi, mwana wa mlongo wathu, amene ali mu Gredi 11 pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Rufunsa. Anagwada capatali napereka moni monga mwa mwambo, koma nkhope yake inali yakugwa ngati ya munthu wodzanena uthenga wa maliro. Titafunsa cimene cagwa, anatulutsa m'citenje buku lothothoka cikuto nati: "Amalume, aphunzitsi akuti Lacitatu likudzali ndikaime patsogolo pa kalasi mphindi 5, ndikanene maganizo anga pa buku ili. M'Cingerezi. Ndiponso akuti osawerenga papepala."

Tinatsala pang'ono kuseka. Tinati mumtima, kodi mtsikana amene amasenza mtolo wa nkhuni kucokera kuphiri, amene anagona m'cipatala milungu itatu kudwazika atate ake, angaope mphindi 5? Koma kusekako kunatithera pakhosi, cifukwa tinakumbuka caka ca 1986, tili pa sukulu ya mishoni. Masiku amenewo ife tinali akatswiri a kuloweza. Buku la Chinua Achebe lochedwa Things Fall Apart tinali kulidziwa ngati njira ya kucitsime: akazi atatu a Okonkwo, imfa ya Ikemefuna, zaka 7 zimene Okonkwo anakhala kwao kwa amai ake atapitikitsidwa. Tsono tsiku lina aphunzitsi anatiloza ndi coko nati tiimirire. Sanafunse kuti cinacitika n'ciani. Anafunsa kuti ifeyo tiganiza bwanji za Okonkwo, kaya anali ngwazi kaya munthu wamantha. Tinaima. Tinayang'ana denga, tinayang'ana zala za kumapazi, ndipo thukuta linatsika mumsana ngakhale unali mwezi wa Juni. Palibe liwu limene linatuluka. Mpaka tsiku limenelo panalibe munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anatifunsapo cimene tiganiza pa kanthu kena kalikonse, ndipo sitinali kudziwa kuti funso lotere lili ndi yankho. Tinakhala pansi anzathu akuseka, ndipo manyaziwo tikali nawo.

Cotero tinasamba m'manja, tinauza mwanayo kuti akhale pamphasa, n'kulandira bukulo.

Linali The Tongue of the Dumb, lolembedwa ndi Dominic Mulaisho, limene linatuluka mu 1971. Makolo ena angaganize kuti mabuku a Cingerezi onse amanena za maiko a cisanu, koma ili ndi la pakhomo pathu peni peni. Mulaisho anabadwa mu 1933 ku Feira, kumene lero timati Luangwa. Mukatsata mseu waukulu wa kum'mawa kupyola Mpanshya, musanaoloke mlatho wa Luangwa, pali mseu wopatukira kumwera wopita kumeneko. Anaphunzira kwa Ajezwiti pa Canisius ku Chikuni ndiponso pa Chalimbana, anagwira nchito zazikulu m'boma, anakhala mkulu wa Banki ya Zambia kuyambira 1992 mpaka 1995, namwalira mu 2013. Nkhani ya bukulo icitikira m'mudzi wa mfumu Mpona, m'cigwa ca Kaunga, pa nthawi ya atsamunda, pamene sukulu ndi mishoni zinali kulimbana ndi miyambo ya makolo. Muli nduna yochedwa Lubinda imene ikhumbira mpando wa mfumu. Muli mai wamasiye Natombi amene akana zofuna za Lubinda, nanenezedwa ufiti. Muli Mwape, mwana wosalankhula amene Natombi alera. Dzina la bukulo linatengedwa m'mau a mneneri Yesaya, mutu 35. Mathero ake sitikuuzani. Kabwerekeni kwa ana anu.

Tisanapitirire, tiyeni tivomereze kuti mantha a mphwathu si ake yekha. Aphunzitsi ambiri amene timaceza nawo amadandaula kuti ana a kuno kumidzi, makamaka atsikana, amalemba bwino ndithu koma ukawaimiritsa amasanduka zitsa. Ena amafulumira kunena kuti ndi ulesi kapena umbuli. Ife tikana. Taonani katundu amene mwana ameneyu wasenza. Kunyumba analeredwa m'Cisoli. Atayamba sukulu anapeza lamulo limene boma linayambitsa mu 2014, lakuti ana a Gredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'cinenero ca m'dera lao, ndipo dera la Lusaka linapatsidwa Cinyanja. Pofika Gredi 5 zonse zinatembenukira m'Cingerezi. Tsono ganizo limabadwa m'cinenero cimodzi, lioloke mtsinje waciwiri, likatulukire m'cacitatu, anzake oposa 70 akumyang'ana ndi kudikira kuti aphonye liwu limodzi kuti aseke. Inde, oposa 70: kuyambira Januwale 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene anali atakhala pakhomo anabwerera, cinthu coyamikika kwambiri, koma makalasi anadzaza mpaka pakhomo. M'kalasi lotere mwana angathe kumaliza caka cathunthu osatsegula pakamwa, ndipo palibe angazindikire. Mabuku nawo ndi ocepa. Limene anabwera nalo linali la ana 6, ndipo iye analipeza kwa masiku owerengeka okha.

Pamwamba pa zonsezi pali ife makolo. Tinamphunzitsa kuti mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso, sakweza mau, satsutsa, ndipo akafunsidwa amayankha mwacidule ali cogwada. Ifenso akatekisti tisadzichinjirize: kwa zaka zambiri tinaphunzitsa ana funso ndi yankho lake loloweza, ndipo amene anabweza mau ndendende monga alili m'buku ndiye tinamuyesa wanzeru. Kuloweza si koipa. Munthu wopanda kanthu m'mutu alibenso cimene angaganizire. Koma tikadabwa kuti mwana wa zaka 17 sangathe kunena maganizo ake, tikhala ngati munthu amene anamanga mbuzi pacingwe cacifupi kwa zaka, n'kumadabwa kuti siidziwa njira ya kudambo.

Komatu tisanamize makolo athu akale kuti iwo sanali kudziwa kuyankha nkhani. Nthano ya pamoto sinali kuyenda popanda omvera: wokamba akati "Panangokhala," onse anali kuvomera kuti "Tili tonse," ndipo akasiya kuvomera nthano inali kufa. Itatha, mkangano unali kubuka: kodi Kalulu anacita bwino kunyenga Njobvu? Kodi mkazi uja akanaulula cinsinsi ca mwamuna wake? Agogo anali kusiya ana kuti alimbane, iwo akufwenkha fodya. Amene tinakulira pafupi ndi wailesi tikumbukanso Julius Chongo ndi pologalamu yake ya Poceza m'Madzulo, imene inayamba kumveka m'zaka za m'ma 1960. Munthu mmodzi anali kusintha mau kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu ndi fisi, ndipo m'mawa mwake kucitsime ndi kumunda anthu anali kuweruza anthu a m'nkhaniyo ngati ndi anansi ao. Cimene aphunzitsi apempha kwa mphwathu n'cimodzimodzi. Cangovala yunifomu.

Usiku woyambawo tinamuuza kuti atiuze cimene wakonza. Anayamba kufotokoza nkhani yonse kuyambira tsamba loyamba: kuti kunali mudzi, kunali mfumu, kunadza mphunzitsi, kunagwa tsoka ili ndi ilo. Patapita mphindi 10 anali asanafike pakati. Tinamuimitsa. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera. Amaganiza kuti kuyankha buku ndi kulibwereza, kuiwala kuti aphunzitsi analiwerenga kale kambirimbiri ndipo anzao ali nalo. Zili ngati munthu amene waitanidwa kukapereka umboni pabwalo la mfumu, iye n'kuyamba kufotokoza mbiri ya mudzi wonse kucokera pamene makolo anaoloka Lunsemfwa. Nduna zimamdula n'kumufunsa kuti, "Nanga iwe unaona ciani?"

Ataona kuti takana, anatulutsa kapepala kena. Mnzake wina amene ali ndi foni anali atamkopera mau a pa intaneti onena za bukulo. Anali mau osalala, Cingerezi cake ca patali, onena za kulimbana kwa cikhalidwe ca makolo ndi ca Azungu. Tinamfunsa tanthauzo la mau awiri a pamzere woyamba ndipo sanawadziwe. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitikunena kuti foni ndi mdani. Ifenso timaifunsa zinthu zambiri. Koma mwana akaima ndi mau obwereka, funso limodzi lokha la aphunzitsi limamvula pamaso pa onse, ndipo ngakhale asafunsidwe, mau obwereka amamveka ngati nsapato za mwini wake: umayenda nazo cotsimphina. Tinapinda kapepalako n'kukaika pansi pa nyali.

Ndipo tinamfunsa m'Cisoli, osati m'Cinyanja kapena m'Cingerezi, kuti: "Mwanawe, pamene unali kuwerenga, ndi pati pamene unatseka buku cifukwa mtima unawawa?" Anakhala cete nthawi yaitali, akukumba pansi ndi kamtengo. Potsiriza anati ndi pamene mudzi unayamba kukhulupirira kuti Natombi ndi mfiti. Tinafunsa cifukwa cake. Anati: "Cifukwa Lubinda ali ndi pakamwa pabwalo, Natombi alibe. Anthu amvera amene ali ndi mpando pafupi ndi mfumu. Amalume, wosalankhula m'buku muja si Mwape yekha." Anaima pang'ono, nati motsitsa mau: "Ndi monga amai, tsiku lija anabwera kudzatenga makina."

Awerengi okondedwa, apa nkhani inasiya kukhala ya kalasi. Mlamu wathu anamwalira zaka zitatu zapitazo. Maliro atatha, acibale ake anakhala pansi kugawa katundu: anatenga njinga, mbuzi, malata amene anagulidwa kuti afolere nyumba, ndi makina osokera amene mlongo wathu anali kudyetsera ana. Panali manong'onong'o akuti imfayo siinali ya Mulungu, ndipo maso ena anali kuloza kwa mkazi wamasiyeyo. Iye anakhala pakona atafunda citenje kumutu, osanena kanthu, popeza mwambo suyembekeza namfedwa kuti atsutse. Ndipo ife, mlongo wake, katekisti amene amaima pamaso pa anthu Lamulungu lililonse, tinalipo. Tinali kudziwa bwino lomwe kuti dziko lino lili ndi lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu amene wamwalira osasiya wilo: magawo 50 pa 100 apite kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo, ndiponso kuti nyumba ndi ziwiya zake zitsale ndi wamasiye ndi ana. Tinali kudziwanso kuti kuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a Zambia. Koma tinati tisautse mkangano pamaliro, tidzakamba mitima ikazizira. Mitima inazizira, ndipo sitinakambe. Mwana amene anali ndi zaka 14 anaona zonsezi ali pakhomo la khichini, ndipo ife tinali kuyesa kuti sanazindikire kanthu.

Tsono funso linali lakuti: kodi zimenezi akazinene m'kalasi? Tinagona nalo funsoli, ndipo tikhulupirira kuti makolo ndi aphunzitsi ambiri adzakumana nalo, cifukwa buku labwino silisiya munthu pamene linampeza. Mbali ina, cimene mwanayo anaona m'buku anaciona cifukwa ca cimene anaona pakhomo. Kumuletsa kukanakhala kumutsekanso pakamwa kaciwiri, ndipo wotseka akanakhala yemwe uja anakhala cete poyamba. Mbali inanso, m'kalasi lomwelo muli ana awiri a kubanja la atate ake, amene sanatengepo mbuzi ya munthu. Muli ndi ulemu wa amai ake, amene sanapemphe kuti umasiye wao ukhale phunziro la Gredi 11. Ndipo kalasi si bwalo la milandu. Mau onenedwa pamenepo Lacitatu amafika pamsika wa makala m'mbali mwa mseu dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake tinamuuza maganizo athu, ndipo mwina ena a inu mudzatitsutsa. Tinati za pakhomo zikhale maso ake, koma mboni zake zicokere m'buku. Asachule munthu, asachule mudzi, asachule makina. Anene ganizo lake poyera, kuti m'bukuli osalankhula ndi ambiri kuposa mwana uja, ndipo alitsimikize ndi zocitika zimene aliyense angatsegule tsamba n'kuziona. Ngati afuna kukhudza za masiku ano, ciganizo cimodzi cikwana: cakuti akazi amasiye otere akalipo pakati pathu. Amene ali ndi makutu adzamva, ndipo palibe adzanene kuti watukwanidwa. Sanakondwe nazo poyamba. Anati ndiye kuti tikubisanso. Tinamuyankha kuti mlandu wa makina ndi wathu ife akulu, ndipo suyenera kusenzedwa ndi mwana pamaso pa anzake cifukwa cakuti amalume ake anaulephera.

Nchito yotsala inali ya manja, monga kumanga nkhokwe. Loweruka lonse anawerenganso bukulo, tsopano ndi funso limodzi m'mutu, akuika timapesi ta udzu pa masamba pamene wina alankhula ndi kumvedwa, ndi pamene wina akhala cete kapena alankhula osamvedwa. Anapeza malo 9. Tinati asankhe atatu okha, monga mafuwa, cifukwa mphika sufuna oposa pamenepo, ndipo mphindi 5 n'zocepa kuposa mmene munthu aganizira. Tinayesa ndi wochi: tsamba limodzi la kope lake, polinena mosathamanga, linadya mphindi ziwiri. Ndiye kuti zonse zimene anali nazo zinayenera kukwana masamba awiri ndi theka. Kutaya malo 6 aja kunamuwawa kuposa kuwapeza.

Pamenepo tinacita dala kumutsutsa. Tinati: "Nanga wina akati Lubinda anali kuteteza miyambo ya makolo imene Azungu anali kuipondereza, udzati bwanji? Kodi si zoona kuti ena mwa amishoni anali kunyoza zathu zonse osazimvetsa?" Anakwiya pang'ono, nati Lubinda ndi munthu woipa basi. Tinati kukwiya si yankho. Ife amene tinaphunzira ku mishoni tiyenera kuvomera kuti Mulaisho, amene anaphunziranso kwa ansembe, sanawapake mafuta onse; anaonetsa kuti pakati pao panali oleza mtima ndi ouma mtima, monganso m'mudzi. Mwana amene anena mbali yake yokha amaoneka ngati sanawerenge buku lonse. Anaganiza, ndipo madzulo anabwera ndi yankho lake: kuti mwina mau ena a Lubinda onena za miyambo ndi oona, koma tiyang'ane amene apindula nawo nthawi iliyonse akawanena. Yankho limenelo sitinampatse ndife. Tikanakhala nalo mu 1986 tikanapulumuka.

Zonsezi anayamba kuzinena m'Cisoli, kenaka m'Cinyanja, ndipo Cingerezi cinabwera potsiriza. Aphunzitsi ena sakonda njira imeneyi. Amati mwana aziganiza m'Cingerezi kuyambira paciyambi. Kwa ana a m'tauni amene amalota m'Cingerezi mwina n'zotheka. Koma ife taona kuti mwana wa kuno akayamba ndi Cingerezi amanena zimene ali ndi mau ake, osati zimene aganiza. Ganizo limacepa kuti likwane m'mau ocepa amene adziwa. Akayamba ndi cinenero ca amai ake ganizo limakula msinkhu wake wonse, ndipo pambuyo pake amasaka mau a Cingerezi oti alinyamule. Tinasaka pamodzi m'dikishonale yathu yakale, ndipo pamene liwu lalikulu linali kumpunthwitsa lilime tinalitaya n'kuika laling'ono. Sanalembe zonse kuti aloweze. Analoweza ciganizo coyamba ndi cotsiriza cokha, popeza mantha amaluma kwambiri poyamba, ndipo munthu wosadziwa pothera amazungulira ngati ng'ombe ya pacigayo. Zapakati analemba mau 6 pa kapepala kokwana m'dzanja, aliwonse okumbutsa mfundo yake.

Za kaimidwe ndi mau tinali ndi cothandiza, cifukwa kwa zaka zoposa 20 taphunzitsa owerenga mau m'chalichi cathu ca kumudzi, mmene mulibe cokuzira mau. Cimene timawauza ndi cimodzi: usalankhule kwa a pabenchi loyamba, lankhula kwa gogo wogontha amene wakhala kumbuyo pafupi ndi citseko. Tinamuimika pansi pa mtengo wa mango, ife tinakakhala pafupi ndi khola, mtunda wa mapazi 20, ndipo nthawi iliyonse mau akazilala tinali kukweza dzanja. Anali kuthamanga ngati wothawa mvula. Tinamuuza kuti pa mfundo iliyonse aime, apume, awerenge mumtima kufika pa zitatu. Kwa wolankhula kukhala cete kotere kumaoneka ngati caka, koma kwa omvera ndi pamene mau amalowa. Manja anali kupotokola m'mphepete mwa siketi. Tinampatsa bukulo kuti aligwire, kuti pochula tsamba azilitsegula ndithu.

Cobvuta koposa cinali maso. Anali kulankhula kwa nyerere za pansi. Titamuuza kuti atiyang'ane anati, "Amalume, sindingathe, n'cipongwe." Apa makolo anzathu tiyenera kuthandiza ana kusiyanitsa malo. Pali ena amene amaopa kuti sukulu ikaphunzitsa mtsikana kuima ciriri ndi kuyang'ana anthu m'maso, mawa adzacita mwano kwa apongozi. Manthawo tiwamva. Koma nkhoswe imene igwada polonjera mfumu ndi yomweyo imene iimirira ndi kulankhula momveka mlandu ukayamba, ndipo palibe amaiyesa yamwano. Mwana amene adziwa kugwada pakhomo angaphunzirenso kuima m'kalasi, osataya ciliconse ca ziwirizi. Ndiponso mtsikana ameneyu tsiku lina adzaima pamaso pa dokotala kufotokoza matenda a mwana wake, pamaso pa wolemba anthu nchito, kapena pakati pa acibale ogawa katundu. Tinagwirizana kuti asankhe nkhope zitatu za anzake omukonda, wina kumanzere, wina pakati, wina kumanja, azilankhula kwa iwo mosinthana.

Laciwiri usiku tinati ayese komaliza pamaso pa anthu enieni. Tinaitana ana a pakhomo, mai a kunyumba kwathu, ndi mlongo wathu, amai ake, amene sadziwa Cingerezi. Cifukwa ca iwo anayamba wanena m'Cisoli. Sanachule makina, sanachule dzina la munthu wamoyo; ananena za Natombi, za Mwape ndi za Lubinda, natsiriza ndi ciganizo cake cija ca akazi amasiye. Ana anaomba m'manja. Mlongo wathu sanaombe. Anakhala akuyang'ana moto, kenaka anafunsa mwana wake kuti, "Amene analemba zimenezi ndi wa kuti?" Atamva kuti ndi wa ku Feira anagwedeza mutu nati, "Ndiye cifukwa cake." Ndipo anatembenukira kwa ife, natiyang'ana m'maso, cinthu cimene sanacitepo ciyambire maliro aja. Sananene kanthu. Ife ndife tinayang'ana pansi.

Lacitatu sitinapite kusukulu, popeza si malo athu. Zimene tidziwa ndi zimene anatiuza madzulo ake. Akuti ataitanidwa miyendo inanjenjemera, ndipo ciganizo coyamba cinatuluka cokha iye asanadziwe. Pa mfundo yaciwiri anaiwala liwu la Cingerezi, anaima, wina kumbuyo anaseka. Iye anayang'ana kapepala, nanena ganizolo m'mau ena. Atatha, mnyamata wina anakweza dzanja nafunsa ngati sakunamizira Lubinda, munthu amene anali kungoteteza za makolo. Yankho anali nalo m'thumba. Funso limene sanaliyembekeze linacokera kwa mmodzi wa abale ake aja a kwa atate, amene anafunsa kuti, nanga anthu ena a m'mudzi amene anaona zonse osanena kanthu, iwo ndi osalankhula kapena ndi anzake a Lubinda? Mphwathu akuti anayankha kuti sanaganizepo, ndipo aphunzitsi anati funso limenelo likhale nchito ya kalasi lonse sabata yamawa. Anampatsa 14 pa 20, namlembera kuti mfundo zinali zake ndithu koma akali kuthamanga, ndiponso anapitirira ndi mphindi imodzi.

Buku analibweza Lacinai kwa mnzake wotsatira, timapesi ta udzu tikali m'kati. Ife Loweruka lapitali tinapalasa njinga kupita kwa a nyakwawa a mudzi wa malemu mlamu wathu, kukapempha tsiku loti mabanja awiriwa akhale pansi pa nkhani ya makina osokera ndi malata. Atipatsa Loweruka laciwiri la mwezi wamawa, anthu akatha kukolola.